Chotupa Chimene Chimadziitanira Magazi: Mbiri ya Khansa ya Prostate, Kuchokera ku Boston Kufika ku Kaunda Square

Kaunda Square ndi limodzi mwa madera amene mzinda wa Lusaka unakula nawo ufulu wa 1964 utabwera. Anthu ankakhamukira m'tauni kuchokera ku Chipata, ku Petauke, ku Katete, ku Lundazi ndi kwina konse, koma nyumba zinali zoperewera. Ndiye kunadulidwa mapuloti kum'mawa kwa mzinda, chakufupi ndi msewu wa Great East, kuti anthu adzimangire okha. Anyamata amene analandira mapuloti aja, n'kumaumba mabuloko Loweruka akaweruka kuntchito, lero ndi agogo a zaka 80, ndipo ana awo achisamba adutsa zaka 50. N'chimodzimodzinso ku Mtendere, ku Matero, ku Chawama, ku George, ku Kanyama ndi ku Kalingalinga. Makomboni amene anali a achinyamata tsopano ali ndi madoda ambiri, ndipo matenda a madoda afika.

Pakati pa matendawa pali khansa ya prostate, imene ili m'gulu la khansa zogwira amuna ambiri m'Zambia. Dzina lake silimveka kawirikawiri pamaliro. Wopereka mbiri ya womwalira amangoti bambo athu anavutika ndi mkodzo, kenako msana, kenako miyendo inafa. Omvera amaona ngati ndi matenda atatu, pamene nthawi zambiri ndi nthenda imodzi imene inayenda ulendo kuchoka m'chiuno kukafika m'mafupa. Njira imene inadutsamo ndi mitsempha ya magazi, ndipo mitsempha ina mwa imeneyo chotupacho chinachita kudziitanira chokha. Zinatenga madokotala zaka zoposa 100 kuti amvetse zimenezi, ndipo mzinda wa Lusaka uli ndi gawo lake m'mbiri imeneyi.

Kachiwalo kokhala pobisika

Prostate ndi kachiwalo ka amuna okha, kolemera pafupifupi magalamu 20 mwa mwamuna wathanzi. Kamakhala pansi pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Ntchito yake ndi kupanga madzi amene amasakanikirana ndi mbewu ya abambo. Mwamuna akamakula kachiwaloka kamakulanso, n'kuyamba kufinya njira ya mkodzo. Apa m'pamene bambo amayamba kugona ndi kachitini kunsi kwa bedi, poti kutuluka kanayi kapena kasanu usiku kupita kuchimbudzi cha panja, m'chisanu cha mu Juni, n'kosapiririka. Amaima nthawi yaitali, mkodzo n'kumangodontha, ndipo akabwerera kukagona amamva ngati sanamalize. Nthawi zambiri kutupa kotereku si khansa ayi, ndipo kuli ndi mankhwala ake. Khansa yeniyeni imakonda kuyambira chakunja kwa prostate, kutali ndi njira ya mkodzo, motero imatha kukhala zaka zambiri osapweteka, osasokoneza chilichonse.

Mu 1853 dokotala wina wa ku London, John Adams, analemba za mwamuna amene anamwalira ndi chotupa cha prostate, ndipo anati matendawa ndi osowa kwambiri. Sikuti analidi osowa. Amuna ambiri a nthawi imeneyo ankamwalira asanakalambe, komanso panalibe njira yosiyanitsira khansa ndi kutupa wamba. Mu 1904 Hugh Hampton Young wa pachipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore anachita opaleshoni yochotsa prostate yonse chifukwa cha khansa. Vuto linali lakuti odwala ambiri ankafika matenda atafalikira kale, moti opaleshoni sinkathandizanso kanthu.

Chifukwa chimene khansayi imathamangira kumsana chinaoneka mu 1940. Oscar Batson, katswiri wa kapangidwe ka thupi ku Philadelphia, anabaya utoto m'mitsempha ya m'chiuno, n'kuona utotowo ukukwera m'mitsempha yozungulira fupa la msana. Mitsempha imeneyi ilibe zotsekera zoletsa magazi kubwerera, choncho munthu akatsokomola kapena akadzikakamiza, magazi a m'chiuno amatha kukankhikira kumeneko, limodzi ndi chilichonse chimene atenga.

Chaka chotsatira, mu 1941, Charles Huggins ndi Clarence Hodges a ku Chicago anasonyeza kuti khansa ya prostate imadalira testosterone, mphamvu ya chimuna yopangidwa m'mavalo. Atachotsa mavalo a amuna amene khansa inali itawalowa m'mafupa, ululu unachepa msanga, ndipo ena amene anali chigonere anadzuka. Huggins analandira mphoto ya Nobel mu 1966, chaka chimene University of Zambia inatsegula zitseko zake, komanso chaka chimene Donald Gleason wa ku Minneapolis anafalitsa njira yoyezera ukali wa khansayi poyang'ana maselo ake pa maikulosikopu. Manambala a Gleason ndi omwe amalembedwabe pa zotsatira za odwala mpaka lero. Nthawi yonseyi madokotala ambiri achitsamunda ankakhulupirira kuti khansa siikonda anthu akuda. Choona chinali chakuti panalibe amene ankawerenga, zipatala zinali zochepa, ndipo mkulu wodwala ankabwerera kumudzi kukafera komweko.

Funso la Judah Folkman

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, dokotala wachinyamata wa maopaleshoni, Judah Folkman, ankagwira ntchito ya usilikali wa panyanja ku Bethesda, m'dziko la America. Iye ndi mnzake Frederick Becker ankasunga tiziwalo ta nyama m'magalasi, n'kumatithira madzi okhala ndi chakudya kuti tisafe. Anayesa kubzalamo maselo a khansa ya mbewa. Maselowo anakula mpaka kufika milimita imodzi kapena awiri, basi n'kuima. Onse ankaima pa msinkhu womwewo. Koma atawachotsa n'kuwabzala m'thupi la mbewa yamoyo, timitsempha tatsopano tinamera kulowa m'kati mwake, ndipo anakula mofulumira mpaka kupha mbewayo.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Selo lililonse la m'thupi limafuna mpweya wa okosijeni ndi chakudya, ndipo zimenezi zimabwera ndi magazi. Mpweyawo ukatuluka mumtsempha suyenda mtunda wautali, umangofika kachigawo kochepa ka milimita imodzi. Kachotupa kakakula kupitirira pamenepo, maselo a pakati amabanika n'kufa. Ndiye kamangokhala pomwepo: ena akubadwa, ena akufa, msinkhu osasintha.

Mu 1971, ali ku Boston, Folkman analemba mu New England Journal of Medicine maganizo amene anzake ambiri anawakana. Anati chotupa chimatulutsa chinthu chinachake chimene chimaitana mitsempha yatsopano, ndipo chinthucho chitatsekerezedwa, chotupa chingakhale chogona osakula. Otsutsa ankati mitsempha yozungulira chotupa ndi kutupa chabe kwa thupi polimbana ndi maselo akufa. Gulu lake linayankha ndi diso la kalulu. Ankaika kachidutswa ka chotupa m'madzi a kutsogolo kwa diso, pamalo opanda mitsempha, ndipo kankangoyandama osakula. Akakasendeza kuti kakhudze mbali ya diso yokhala ndi mitsempha, timitsempha tofiira tinkaoneka tikulowamo, ndipo m'masabata awiri okha kankakula kuwirikiza kambirimbiri.

Zimenezi zinathandiza kumvetsa chinthu china chodabwitsa chokhudza prostate. Madokotala opima mitembo ya amuna okalamba amene anafa ndi matenda ena kapena ngozi amapeza kuti ambiri anali ndi tizotupa ta khansa m'prostate timene sitinawavutitsepo moyo wawo wonse. Kusiyana kwa kachotupa kogona ndi chotupa chakupha kuli pa zinthu zingapo, ndipo chimodzi mwa zikuluzikulu ndi chakuti chotupacho chatha kudzipezera magazi kapena ayi.

Chaka cha 1983, ku Boston ndi ku Lusaka

Chinthu chija Folkman ankanena chinayenera kupezeka ndi kupatsidwa dzina. Mu 1983 Harold Dvorak ndi Donald Senger, nawonso a ku Boston, anapeza puloteni yotuluka m'zotupa imene imachititsa kuti mitsempha izichucha. Mu 1984 Yuen Shing ndi Michael Klagsbrun, ogwira ntchito limodzi ndi Folkman, anapatula m'chotupa puloteni ina yomeretsa mitsempha, imene lero imadziwika kuti FGF-2. Mu 1989 Napoleone Ferrara wa pakampani ya Genentech ku California anapeza puloteni yochulukitsa maselo a m'kati mwa mitsempha, naitcha VEGF. Posakhalitsa zinadziwika kuti VEGF ndi puloteni yomwe ija ya Dvorak: imameretsa mitsempha, ndipo mitsempha yake imakhala yochucha.

Chaka chomwecho cha 1983, ku University Teaching Hospital (UTH) mu Lusaka, dokotala wa maopaleshoni Anne Bayley anaona zachilendo. Kwa zaka zambiri ankathandiza odwala khansa ya Kaposi, imene inatchedwa dzina la Moritz Kaposi, dokotala amene anaifotokoza ku Vienna mu 1872. Khansa imeneyi imachokera m'maselo a m'kati mwa mitsempha momwemo, n'chifukwa chake zotupa zake zimakhala zofiirira, zodzala magazi. Kuno kwathu inkadziwika ngati matenda oyenda pang'onopang'ono, otupitsa miyendo, omvera mankhwala. Koma m'chaka chimenecho Bayley analandira odwala 13 amene matenda awo anali a mtundu wina: zotupa m'kamwa, kumaso ndi m'mapapo, thupi kuwonda, ndipo ambiri anamwalira msanga. Analemba zimenezi mu The Lancet mu 1984, ndipo ndi limodzi mwa malipoti oyambirira osonyeza kuti Edzi yafika m'chigawo chino cha Africa. Mu 1994 Yuan Chang ndi Patrick Moore a ku New York anapeza kachilombo koyambitsa khansa ya Kaposi, ndipo kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti kachilomboka kamakakamiza maselo kutulutsa VEGF.

Motero anthu a ku Kanyama, ku Matero ndi ku Kaunda Square anaona ndi maso awo, pakhungu la abale awo, chimene puloteniyi imachita, ngakhale dzina lake sankalidziwa. Anaonanso mmene manyazi amaphera. Odwala ankabisidwa kuchipinda, pamaliro n'kumanena kuti anadwala nthawi yaitali. Mu Okutobala 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene dera lino limatchedwa dzina lake, anauza dziko lonse kuti mwana wake Masuzyo, amene anamwalira mu Disembala 1986, anafa ndi Edzi. Panthawiyo atsogoleri ambiri a mu Africa sankafuna n'komwe kutchula matendawa. Kulimba mtima kwa bambo ameneyu kunathandiza mabanja ambiri kuyamba kulankhula, ndipo mankhwala a ma ARV atayamba kupezeka m'makiliniki a boma pakati pa zaka za m'ma 2000, anthu anali okonzeka kukaima pamzere masana dzuwa likuswa mtengo.

Mmene chotupa chimaitanira mitsempha

Pofika m'ma 1990 nkhani yonse inayamba kulumikizana. Gregg Semenza wa ku Johns Hopkins anapeza puloteni yotchedwa HIF-1, imene imachuluka m'selo likasowa mpweya. Ntchito imeneyi inam'patsa mphoto ya Nobel mu 2019 pamodzi ndi William Kaelin ndi Peter Ratcliffe. M'chotupa cha prostate zimayenda chonchi. Maselo a pakati akayamba kubanika, HIF-1 imawalamula kupanga VEGF. VEGF imatuluka, n'kusefukira m'minofu yozungulira mpaka kukafika pa kamtsempha kapafupi. Ikamatirira pa maselo a m'kati mwa kamtsemphako, maselo amene anangokhala phee kwa zaka amadzuka. Mapuloteni ena otchedwa MMP amadula khoma la kamtsemphako ndi minofu ya patsogolo pake. Selo limodzi limatsogola kulowera kumene VEGF ikuchokera, ena n'kumagawikana m'mbuyo mwake, mpaka pamapangika kanjira kamene magazi amayamba kuyendamo.

Thupi lathanzi limachitanso zimenezi pa nthawi yake: popoletsa bala, pokonza chiberekero mwezi ndi mwezi, ndi pomanga thupi la mwana m'mimba. Ntchito ikatha, mapuloteni oletsa, monga thrombospondin-1, amaimitsa zonse. Chotupa chimachulukitsa mapuloteni oitana, monga VEGF, FGF-2 ndi IL-8, n'kuchepetsa oletsa, ndipo chimanyengereranso maselo abwinobwino oyandikana nacho kuti azithandizira kuitanako.

Aliyense wokhala m'komboni amadziwa kusiyana kwa paipi yoikidwa ndi akatswiri a zamadzi ndi paipi yolumikizidwa usiku mozemba. Yozembetsayo imakhala yokhotakhota, yomangidwa ndi mphira, yodontha paliponse. Imabweretsa madzi kumene sanayenera kupita, ndipo podonthera pomwepo m'pamene zonyansa zimalowera n'kukafika m'nyumba za ena. Mitsempha ya chotupa ndi yotero. Imachidyetsa kuti chikule, ndipo makoma ake obookabooka ndiwo khomo limene maselo a khansa amalowera m'magazi. Akalowa, njira ija anaiona Batson imawafikitsa kumsana, m'chiuno ndi m'nthiti. Akakhazikika m'fupa amayambanso kuitana mitsempha komweko.

Mu 1993 Noel Weidner, pamodzi ndi Folkman ndi anzawo ena, anawerenga timitsempha m'zotupa za prostate zochotsedwa pa opaleshoni. Anapeza kuti zotupa za amuna amene khansa inawafalikira zinali ndi timitsempha tambiri kuposa za amene inali isanafalikire. Kafukufuku wina wa m'zaka zomwezo anasonyezanso kuti testosterone imalimbikitsa prostate kupanga VEGF, ndipo mphamvu ya chimunayi ikachotsedwa, magazi opita ku prostate amachepa m'masiku ochepa. Apa zinaoneka kuti chithandizo cha Huggins cha mu 1941 chinkagwira ntchito mbali ziwiri: kufooketsa maselo a khansa, ndi kuumitsa mitsempha yowadyetsa.

Mankhwala amene anayembekezeredwa

Dziko linali ndi chiyembekezo chachikulu. Gulu la Ferrara linapanga mankhwala ogwira VEGF isanafike pamtsempha, otchedwa bevacizumab, ogulitsidwa ndi dzina lakuti Avastin, ndipo mu 2004 anavomerezedwa ku America pa khansa ya m'matumbo. Folkman anamwalira mu Januwale 2008 ataona maganizo ake akuthandiza odwala. Mankhwala a mtundu womwewu apulumutsanso maso a anthu ambiri amene mitsempha yawo ya m'diso imamera molakwika chifukwa cha ukalamba kapena matenda a shuga.

Koma pa khansa ya prostate zinthu sizinayende. Kafukufuku wamkulu wa amuna 1,050 amene khansa yawo inali itafalikira ndipo inasiya kumvera chithandizo chochotsa testosterone anafalitsidwa mu 2012. Olandira bevacizumab pamodzi ndi mankhwala a docetaxel anakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 22.6, pamene olandira docetaxel yekha anakhala miyezi 21.5. Kusiyana kumeneku kunali kochepa kwambiri moti sikukanatengedwa ngati phindu, ndipo zovuta zobwera ndi mankhwala zinachuluka mwa olandira bevacizumab. Mankhwala ena otsekereza mitsempha, aflibercept ndi sunitinib, anayesedwanso pa amuna ambiri, koma sanatalikitse moyo. Chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri amapereka ndi chakuti chotupa chokhwima sichidalira puloteni imodzi. Mukatseka VEGF chimachulukitsa FGF-2 kapena IL-8, kapena chimakangamira pa mitsempha imene ilipo kale.

Chimene chathandiza amuna a khansa yofalikira makamaka ndi kupitiriza njira ya Huggins. Pali jakisoni monga goserelin woletsa mavalo kupanga testosterone, mapiritsi monga bicalutamide, docetaxel amene anavomerezedwa pa khansayi mu 2004, ndi abiraterone amene anatulukiridwa ku Institute of Cancer Research ku London, n'kuvomerezedwa mu 2011, ndipo World Health Organization inamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019. Onsewa amatalikitsa moyo ndi kuchepetsa ululu, nthawi zina kwa zaka zambiri. Koma khansa imene yakhazikika m'mafupa saichotseratu. Imene imachiritsika ndi imene yapezeka ikadali m'kati mwa prostate.

Zimene Lusaka ili nazo lero

Kwa zaka zoposa 40 ufulu utabwera, m'Zambia munalibe makina owotchera khansa. Wodwala wofunika chithandizo chimenechi ankayenera kutumizidwa kunja, makamaka ku South Africa kapena ku Zimbabwe, ndipo amene anapeza mwayi umenewu anali ochepa. Bambo wa ku George kapena ku Chawama ankangopatsidwa mankhwala opha ululu. Zinasintha pamene Cancer Diseases Hospital inamangidwa pafupi ndi UTH, mothandizidwa ndi bungwe la International Atomic Energy Agency. Inayamba kulandira odwala mu 2006, ndipo Pulezidenti Levy Mwanawasa anaitsegulira mu 2007. Mu 2011 kunatsegulidwa chipatala chotchedwa dzina la Mwanawasa yemweyo m'mbali mwa msewu wa Great East, ulendo waufupi pa minibasi kuchokera ku Kaunda Square. Makiliniki a m'makomboni a Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata anakwezedwa kukhala zipatala. Lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo la mu 2018 linabweretsa NHIMA, bungwe loyendetsa inshuwalansiyo. Ku Kalingalinga kunatsegulidwa Our Lady's Hospice, yosamalira odwala amene matenda awafika patali.

Amayi anatsogola kugwiritsa ntchito mwayi woterewu. Kuyambira mu 2006 makiliniki a mu Lusaka anayamba kupima khansa ya khomo la chiberekero, ndipo anamwino anaphunzitsidwa kuona ndi kuthana ndi zizindikiro zake zoyambirira tsiku lomwelo. Amayi anauzana kumsika, kutchalitchi ndi pa chilimba, mpaka kupimitsa kunakhala chinthu chozolowereka. Kwa amuna zoterezi sizinachitikebe. Mwamuna amalowa pakiliniki ataperekeza mkazi kapena mwana, kapena atanyamulidwa.

Njira zopimira zilipo. Puloteni ya PSA, imene gulu la T. Ming Chu linaipatula ku Buffalo mu 1979, imayezedwa m'magazi ochepa otengedwa pamkono. PSA ikakwera sizitanthauza kuti ndi khansa basi, chifukwa kutupa wamba ndi matenda a m'njira ya mkodzo amaikwezanso. N'chifukwa chake dokotala amapimanso ndi chala kudzera kumbuyo, kwa masekondi ochepa, ndipo akakayikira amatenga tizidutswa ta prostate ndi singano kuti tikaonedwe pa maikulosikopu. Khansa ikapezeka yofatsa, ya manambala otsika a Gleason, nthawi zambiri madokotala amangoiyang'anira osaichita opaleshoni. Ikakhala yaukali koma isanatuluke, opaleshoni kapena makina owotchera amatha kuichiza.

Zimene madoda amanena

Mukakhala pansi pa mtengo pamene madoda amasewera nsolo, mudzamva zifukwa zake. Wina amati vuto la mkodzo ndi ukalamba chabe. Wina amaganiza kuti ndi chinzonono cha paunyamata chimene chabwerera, ndipo amachita manyazi kuuza mkazi wake. Wina amakumbukira likodzo la kudambo ali mwana. Wina amati anamulodza kuntchito kapena pa mkangano wa puloti, ndiye amayamba kwa sing'anga, ndalama za penshoni n'kuthera pa mizu. Ambiri amaopa chala cha dokotala, ndipo koposa zonse amaopa mawu akuti akandifula.

Mantha amenewa si opanda pake, ndipo sayenera kusekedwa. Kuchotsa mavalo, ngakhalenso jakisoni wogwira ntchito yomweyo, kumachepetsadi mphamvu ya m'banja. Koma chithandizo chimenechi chimaperekedwa makamaka pamene khansa yakula kapena yafalikira, ndiye kuchedwa chifukwa choopa kufulidwa n'kumene kumam'fikitsa munthu pomwe ankaopapo. Taonani bambo amene anadikira mpaka mkodzo unatsekeka usiku. Ana ake anathamanga kukagogoda kwa mnansi wa galimoto, iye akubuula, mimba ili ndii. Kuchipatala anamuika kapaipi, ndipo tsopano amayenda ndi thumba la mkodzo lomangirira pamwendo m'kati mwa buluku. Anasiya kukhala kutsogolo kutchalitchi, anasiya kukwera minibasi yodzaza. Patapita miyezi msana unayamba kuwawa usiku, mankhwala ogula pa kantemba osaphula kanthu. Manyazi a masekondi ochepa aja akanamupulumutsa ku zonsezi.

Amuna akuda ali pa chiopsezo chachikulu kuposa ena. Ku Britain, kumene amawerenga bwino, mwamuna mmodzi mwa amuna akuda anayi alionse amapezeka ndi khansayi pa moyo wake, pamene pa amuna onse ndi mmodzi mwa asanu ndi atatu. Amene bambo ake kapena mchimwene wake anadwalapo, chiopsezo chake chimawirikiza pafupifupi kawiri. Koma kupezeka nayo si chiweruzo cha imfa. Desmond Tutu anapezeka nayo mu 1997, analankhula poyera, ndipo anakhala ndi moyo mpaka Disembala 2021, ali ndi zaka 90. Nelson Mandela analandira chithandizo cha makina mu 2001, nakhala zaka zina 12. Komanso khansayi imapha ngakhale otchuka: woimba lipenga Hugh Masekela anamwalira nayo mu Januwale 2018.

Mawu kwa abambo ndi a m'nyumba mwawo

Mbiri yonseyi, kuyambira pa Adams mpaka pa kafukufuku wa 2012, ikutiphunzitsa chinthu chimodzi. Akatswiri adziwa mayina a mapuloteni amene chotupa chimaitanira magazi, adziwa mmene amagwirira ntchito, koma sanapeze mankhwala otseka njirayo pa khansa ya prostate ikakhala kuti yatseguka kale. Nthawi imene munthu ali ndi mphamvu pa matendawa ndi pamene sakumva ululu uliwonse. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba.

Choncho inu atate, amalume ndi achimwene amene mwakwanitsa zaka 45, pitani pakiliniki mukafunse za kuyezetsa PSA, ndipo dokotala akufotokozereni ubwino ndi zovuta zake. Ngati bambo anu kapena m'bale wanu anadwalapo khansayi, nenani zimenezo, ndipo musadikire. Mukaona mkodzo ukuvuta, magazi mumkodzo kapena mu umuna, msana kapena chiuno chowawa usiku osasiya, kapena kuwonda kosadziwika chifukwa chake, pitani sabata lomwelo. Miyendo ikayamba dzanzi kapena kufooka, kapena mukalephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, pitani tsiku lomwelo, chifukwa mtsempha wa msana ukapanikizika masiku angapo munthu sangadzayendenso.

Inu amayi, ndinu amene mumamva chitseko chikutsegulidwa kasanu usiku, ndinu amene mumataya kachitini m'mawa. Lankhulani nawo mwaulemu, ndipo aperekezeni. Inu abusa, akulu a mpingo ndi atsogoleri a magulu a abambo, patulani Loweruka limodzi muitane namwino adzalankhule. Nanu a boma ndi aphungu athu, kuyeza PSA kupezeke pakiliniki iliyonse ya m'komboni, zotsatira za tizidutswa topimidwa zizituluka msanga, mankhwala asamasowe, ndipo makina owotchera khansa afike m'zigawo zina kuti munthu wa ku Lundazi asamagone pakhonde la achibale mu Lusaka kudikira tsiku lake. Ndipo pamene bambo wamwalira ndi khansa ya prostate, banja linene dzina la matendawo pamaliro, kuti ana ake aamuna ndi abale ake amve, akayezetse nthawi ikadalipo.